"Muli ndi zingati?" Mmene kunenerera malonda kumayendera mu Lilongwe

Ku msika wa Tsoka, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, kuli funso limene limamveka kawirikawiri kuposa moni. Wogula atola jekete pamulu, aliyang'ana m'khosi, m'khwapa ndi m'matumba, kenako afunsa mtengo. Mwini malonda atchula. Wogula alibweza pamulu paja, "Iii, achimwene, mwadulitsa." Mwini malonda sakwiya, komanso sateteza mtengo umene watchulawo. Amangoti, "Nanga inuyo muli ndi zingati, amayi?"

Ambiri timalimva funsoli ngati chifundo, ena amalimva ngati msampha. Kwa ine ndiye pamtima penipeni pa kunenerera. Anthu awiriwa aliyense wabisa nambala yake. Wogula akudziwa pamene thumba lake lathera, koma sanena. Wogulitsa akudziwa pamene sangatsikenso, nayenso sanena. Ngati ndalama imene wogula angafike ikuposa pamene wogulitsa angatsikire, pakati pawo pali mpata, ndipo malonda atheka; chotsala n'kuona kuti mpatawo agawana bwanji. Mpatawo ukapanda kukhalapo, akhoza kukambirana mpaka dzuwa kulowa koma asiyana chimanjamanja. Kudandaula kuja, kuseka kuja, kunyamuka ngati ukupita kuja, zonsezo ndi njira zofufuzira nambala ya mnzako usanaulule yako.

Vuto n'lakuti ogula ambirife timanenerera tisakudziwa komwe nambala ya wogulitsa imachokera. Ndiye timapanikiza pomwe mpata palibe, n'kumapereka mwakachetechete pomwe mpata unali waukulu.

Adagula belo, sadagule jekete

Tiyambire pa kaunjika, poti ndi pomwe kunenerera kudamanga nyumba. Wogulitsa kaunjika saoda malaya amodziamodzi. Amagula belo lomanga, kawirikawiri la makilogalamu 45, ndipo salitsegula asanalipire. Chimene akudziwa ndi mtundu wake chabe: majekete, madiresi, zovala za ana. Zam'kati adzaziona akadula zomangira zija. Belo lina limatuluka zovala zoti munthu n'kulowa nazo mu ofesi ku Capital Hill, lina limatuluka zothimbirira, zong'ambika ndi zikuluzikulu zosowa wozivala. Choncho mukamufunsa kuti "jekete ili munaoda zingati?" mukumufunsa funso lopanda yankho.

Manambala awa ndangoyerekeza kuti tione kayendedwe kake. Tinene kuti belo lagulidwa K600,000 ndipo mwatuluka zovala 200. Mukagawa mofanana, chovala chilichonse ndi K3,000. Koma zovala sizifanana. Tinene kuti 60 ndi zotsalira zimene zidzapite pa K1,000, ndipo 100 ndi zapakatikati za K3,500. Zonsezi pamodzi zabweretsa K410,000. Kuti ndalama ya belo ibwerere pakusowa K190,000, ndipo iyenera kuchokera pa zovala 40 zabwino zija. Apa sitidawerengere wonyamula belo, tikiti ya msika ya tsiku ndi tsiku imene khonsolo imatolera, kosungitsa katundu usiku, minibasi yopita ndi kubwera ku Chinsapo kapena ku Area 23, ndi ndiwo za kunyumba. Ngati zonsezi zikufuna K150,000, chovala chabwino chilichonse chiyenera kutuluka pa K8,500. N'chifukwa chake amatchula K12,000. Akudziwa kuti mumutsitsa, ndipo wasiya malo oti mutsikire popanda kumugwetsa.

Pamenepa pali chinsinsi chimene opikula amachidziwa bwino. Tsiku lotsegula belo amafika m'mamawa, n'kuzungulira mwini belo asanadule n'komwe. Amasankha zabwino zokhazokha, ndipo sanenerera kwambiri, chifukwa akazichapa ndi kuzisita akazigulitsa pa mtengo wina m'mashopu a zovala kapena pa WhatsApp. Tsiku limenelo mwini belo amakhala wouma, poti mpamba wake udakali m'zovala. Pakadutsa masiku, mpamba ukabwerera, munthu yemweyo amafewa. Zotsala zija amaziunjika pansi n'kumaitanira mtengo umodzi, chifukwa chilichonse chimene chalowa tsopano n'chapamwamba, ndipo akufuna malo ndi ndalama ya belo lina. Wogula amene akudabwa kuti "Lolemba anandikaniza K7,000, lero akundipatsa pa K4,000" sadanamizidwe Lolemba lija. Adangofika pa nthawi ina ya moyo wa belo.

"Koma katunduyu munagula kale"

Mawu awa amveka kwambiri m'zaka zaposachedwapa, ndipo ndi pomwe ogula ndi ogulitsa amakwiyitsana koposa. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 idatsitsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700. Miyezi yambiri ya 2024 mitengo ya zinthu inkakhala itakwera ndi kuposa 30 peresenti poyerekeza ndi chaka cham'mbuyo. Kuonjezera apo madola ankasowa m'mabanki, moti amalonda ambiri okaoda ku Dar es Salaam, ku Johannesburg kapena ku China ankawagula kumsika wamseri pa mtengo wokwera kwambiri.

Wogula amaona nsapato yomweyo, pashelefu yomweyo, ndi fumbi lomwelo, koma mtengo wasintha. Kwa iye kumeneko n'kuba. Koma taonani mmene zimakhalira kumbali inayo. Mayi waoda mapeyala 10 a nsapato pa K20,000 iliyonse, wagulitsa pa K25,000, ndipo m'manja muli K250,000. Papepala wapindula K50,000. Akubwerera kokaoda, apeza peyala ili pa K27,000. Ndalama yonse ija, osadyapo ngakhale tambala, ikugula mapeyala 9. Ulendo wotsatira adzakhala 8. Benchi likuchepa pamene iye akuganiza kuti akupindula, ndipo umu ndi mmene anthu ambiri adagwera mpamba osadziwa tsiku limene adagwa.

Wamalonda wokhwima sawerengera mpamba wake m'makwacha, amauwerengera m'katundu. Nambala imene amaiteteza pokambirana nanu ndi ya kokaoda mawa. Imene adaodera dzana ija idapita. Mukamva wogulitsa akuti "pamenepo sindikapezanso wina," si nthawi zonse pamene akungolankhula. Nthawi zambiri akukuuzani masamu ake enieni.

Mu Febuluwale 2025 mavenda a kaunjika a mu Lilongwe adachita zionetsero mpaka ku Nyumba ya Malamulo podandaula za kukwera kwa mabelo. Tsiku limenelo lidaonetsa poyera chimene sitichiona tikaima pabenchi: munthu amene timamunenerera mpaka thukuta, iye kumene amaoda alibe ponenerera. Amapeza mtengo wolembedwa, akafuna atenge, akapanda kufuna asiye. Kunenerera kumachitika kumunsi kwa mzere, kumtunda kumangobwera chiganizo.

Sindikunena kuti aliyense wokweza mtengo ndi wolungama. Alipo amene amabisa shuga kapena simenti kuti zisowe, alipo amene amamva mphekesera ya dola m'mawa masana n'kukweza ndi theka katundu wolimidwa ku Mitundu. Bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, lakhala likulimbana ndi mchitidwe wotere, ndipo lamulo latsopano limene lidayamba kugwira ntchito mu Julayi 2024 lidalipatsa mphamvu zolipiritsa chindapusa. Koma kubisa katundu kumafuna nyumba yosungiramo ndi ndalama yodikirira. Mnyamata wa mulu umodzi wa majekete alibe zonse ziwiri.

Pa tomato timanenerera mulu

Mukaoloka mtsinje wa Lilongwe kuchokera ku Tsoka pa timilatho tamatabwa tolipira kupita mbali ya msika wa Lizulu, kapena mukalawirira ku msika wa Wakawaka kumene magalimoto amatsitsa kabichi, tomato, anyezi ndi kachewere wochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, malamulo amasintha. Kuno mtengo kawirikawiri sugwedezeka. Mulu wa K500 ndi wa K500, wa K1,000 ndi wa K1,000. Chimene chimagwedezeka ndi mulu. Nthawi ya dzinja, tomato akavuta, mulu umafota mpaka kutsala atatu. Akachuluka, mulu womwewo umatupa. Ndalama zachitsulo zidasiya kugula kanthu ndipo chenji chimavuta, ndiye n'kosavuta kusuntha tomato mmodzi kusiyana ndi kusuntha mtengo.

N'chifukwa chake wodziwa msika sanena kuti "ndichotsereni," amati "basera, amayi." Ena amati banyira, ena pulayizi. Ndipo mayi wogulitsa amalola basera msanga kuposa kuchotsera, pa zifukwa zomveka. Akakuchotserani K200, imeneyo ndi ndalama yeniyeni yochoka pa mpamba. Akakuikirani tomato mmodzi, wataya mtengo woodera wa tomatoyo, mwinanso ndi uja wayamba kufewa woti mawa akadamutaya. Komanso iye sakhala yekha. Kumanja ndi kumanzere kuli anzake ogulitsa zomwezo, amene amasungirana benchi wina akapita kukayamwitsa, amenenso ali naye m'banki m'khonde imodzi. Wotsitsa mtengo poyera amaonongera onse msika, ndipo madzulo amva mawu. Basera amalowa m'jumbo mwakachetechete, mtengo wa mzere wonse n'kukhala pomwepo.

Wonenerera wamkulu pa zinthu zoola ndi dzuwa. M'mawa mpiru uli wobiriwira ndipo mwini wake ali ndi tsiku lonse. Ikamakwana 5 koloko masamba alefuka, chambo chochokera ku Salima chayamba kutaya kuwala m'maso, ndipo wogulitsa akuganiza za minibasi. Apa amalandira ndalama imene m'mawa akadaikana, poti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wogulitsa usipa wouma, nyemba kapena mtedza alibe changu chimenecho. Amanga thumba lake, mawa abweranso.

Pano mpomwe ndimaima ndi maganizo anga. Amayi anga aang'ono adagulitsa masamba ndi tomato ku Kawale kwa zaka zambiri, ndipo ndidawaonapo usiku akuyala ndalama pamphasa, kupatula ya kokaoda, ya banki m'khonde, ya tikiti, n'kuyang'ana chotsalacho ngati chingakwane ufa wa tsiku limodzi. Masiku ena sichinkakwana. Munthu amene watsika m'galimoto, wangolipira kumene masauzande ambirimbiri pa tilu ya supamaketi osatsegula pakamwa, ndiye akamalimbana ndi mayi wotereyu pa K200 mpaka kumunyozera tomato wake, ine zimandipweteka. Phindu la mulu wa masamba ndi lochepa kale. Pamenepo pemphani basera, akakupatsani thokozani.

Palinso ngozi imene opanikiza kwambiri saiona. Mtengo ukaphwanyidwa mopyola, wogulitsa wina amakabwezera pa muyeso. Chigoba cha malita 5 chobonyoka pansi, ndowa yosadzaza bwino, thumba la makala lodzaza zinyenyeswa m'kati koma pamwamba pali makala akuluakulu, sikelo yogwiridwagwiridwa. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndilo limayesa masikelo a malonda, koma silingayese chigoba chilichonse cha mu msika wa Nsungwi. Mukhoza kupambana pa mtengo n'kugonja pa muyeso osadziwa. Chinyengo chomwechi chimagwiranso alimi, mavenda akamagula chimanga, soya ndi mtedza kumidzi. Boma limalengeza mitengo yoyambira ya mbewu chaka ndi chaka, koma mlimi amene wapalasa njinga mtunda wautali ndi thumba kumbuyo, mwana akudwala kunyumba, sangathe kunyamuka n'kunena kuti "ndizungulire kaye." Wosatha kuchoka sanenerera, amangolandira.

Kodi mwini mtengo ndani?

Anthu amadabwa kuti n'chifukwa chiyani pa okala ya m'dera sitinenerera shuga, sopo, mchere kapena mayunitsi, pomwe pa chitenje kapena foni timanenerera. Paketi ya shuga ndi imodzimodzi kulikonse, ndipo mwana aliyense wotumidwa akudziwa mtengo wake. Palibe nambala yobisika yoti muifufuze, ndipo phindu la mwini okala pa paketi imodzi ndi laling'ono. Mafuta a galimoto mtengo wake umalengezedwa ndi MERA, bungwe loona za mafuta ndi magetsi. Kunenerera kumakula pomwe katundu sali wofanana ndi wina, pomwe mtengo wake sudziwika kwa onse, ndi pomwe phindu lili ndi malo.

Koma pali china chimene chimaiwalika: kodi munthu amene mukulankhula nayeyo ali ndi mphamvu pa mtengo? Mtsikana wa pa tilu sangakuchotsereni ngakhale atakumverani chisoni chotani, chifukwa mtengo uli m'kompyuta, ndipo ndalama ikaperewera madzulo adzadulidwa pa malipiro ake. M'mashopu a mu Malangalanga ndi madera ozungulira Area 2, a nsalu, a zipangizo zomangira, a ziwiya zamagetsi, zimakhala pakatikati. Wantchito amakhala ndi malire amene adapatsidwa. Akanena kuti "ndifunse kaye abwana," nthawi zina n'zoona, nthawi zina ndi njira yokuonetsani kuti mwafika pakhoma. Mukaona akupitadi kukanong'oneza kwa wokhala pa kauntala, kunenerera kwenikweni kwayamba kumene. M'mashopu otere chimene chimatsegula mtengo ndi kuchuluka kwa katundu. Wogula malata 40, misomali ndi utoto pamalo amodzi ali ndi mawu amene wogula loko mmodzi alibe. Funsani mtengo wa chinthu chimodzichimodzi kaye, kenako munenerere zonse pamodzi.

Malamulo oteteza ogula amafuna kuti mashopu azionetsa mitengo poyera. Shopu yaikulu yopanda mitengo pa katundu, imene imayamba yakuyang'anani nsapato isanatchule nambala, ikuchita zimene pamsika timazilola koma m'shopu siziyenera. Ndipo ena amakuuzani kuti akuchotserani mukalola kupita opanda lisiti. Kuchotsera kumeneko n'kuzemba msonkho wa MRA, ndipo wailesi kapena firiji ikakafa patatha sabata, mulibe chogwira m'manja. Mawu olembedwa pakhoma oti katundu akagulidwa sabwezedwa safafaniza ufulu wanu ngati katunduyo ndi woonongeka, koma popanda lisiti mudzayambira pati?

Ku Biwi, kokagula zipangizo za galimoto, ndi m'malo ogulitsa mafoni, mumakumananso ndi munthu wachitatu. Mnyamata amakulandirani musanatsike n'komwe, "Bwana, mukufuna chani? Chilipo, dikirani pompano." Athamanga, abwera nacho. Iye si mwini katundu, ndi dobadoba, ndipo pa mtengo wa mwini waikapo yake. Nthawi zina amagwiradi ntchito, chifukwa akudziwa kumene kuli chipangizo chosowa chimene inu mukadachifuna tsiku lonse. Koma dziwani kuti mukunenerera ndi munthu amene pansi pake pali pansi pena. N'chifukwa chake ambiri amapita ndi makaniko wawo, ngakhale kuti makaniko winanso amakhala ndi yake imene adzatenge mukachoka.

Maso a wogulitsa

Mtengo woyamba kutchulidwa umapangidwa pa masekondi ochepa, ndipo umapangidwa ndi inuyo. Wogulitsa waona makiyi a galimoto m'manja, wamva Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi, waona mwana amene wakakamira kale nsapato n'kuyamba kuivala. Waonanso kalendala. Kumapeto kwa mwezi, ogwira ntchito m'boma akalandira, mitengo imauma. Nyengo yogulitsa fodya ku Kanengo, mlimi wofuna njinga, malata kapena wailesi amadziwika ndi kayendedwe. Mu Januwale, fizi ya ana ndi feteleza zitakokolola m'matumba, wogulitsa amakuitanani kawiri musanafike patali. Ogulitsa ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town ali ndi mtengo wa mzungu ndi mtengo wa mnzawo, ndipo aliyense amadziwa. A kabaza nawo chimodzimodzi: masana dzuwa lili phwee mukhoza kukambirana, koma mvula ikayamba kapena mafuta akasowa, mtengo ndi umene wanenawo.

Kodi kutchulira anthu mitengo yosiyana n'kuba? Ine ndikuona kuti pamsika ayi, bola katundu ali monga wanenera. Bwana amene walipira K12,000 osanenerera ndi amene wachititsa kuti mayi wa ana anayi atenge jekete lofanana nalo pa K7,000, belo n'kubwezabe ndalama yake. Mtengo umodzi wa aliyense ukadakhala pakati, ndipo mayi uja sakadaufika. Kuba kumayamba pomwe wogulitsa wanama: foni yokonzedwa kuitchula yatsopano, chitenje chosuluka kuchitcha chenicheni, batire yakutha kuipukuta n'kuiika m'katoni.

Kumayambanso pomwe wogula alibe mphamvu yolankhula. Ku Mchesi, kumene akalipentala amapanga mipando, mabedi ndi mabokosi a maliro, mukhoza kuona kusiyanaku m'mawa umodzi. Wofuna sofa amakhala pansi, kugogoda thabwa, kufunsa ngati ndi mlombwa kapena paini, kuchoka, kubweranso mawa. Wofuna bokosi wafika maso ali ofiira, thupi likudikira kumotchale, ndipo mumtima akumva ngati kunenerera bokosi la mayi ake n'kuwachepetsa. Mabanja odziwa satuma mwini maliro. Amatuma mlamu, mnzake wa kuntchito kapena mkulu wa kumpingo, munthu amene chisoni sichidamutseke pakamwa. Ndi nzeru yomwe ija ya kumudzi yoti ntchito za pamaliro amagwira ndi adzukulu. Ndipo kalipentala amene amatchula mtengo woona kwa namfedwa, pomwe akadatha kumudyera masuku pamutu, ndi munthu woyenera kumukumbukira ndi kumutumizira ena.

Kalankhulidwe kake

Kunenerera kuli ndi mwambo, ngakhale sudalembedwe paliponse. Kumayamba ndi moni ndi dzina laulemu. Wogulitsa amati bwana, madamu, amayi, ankolo, asisi, "kasitomala wanga" ngakhale akukuonani koyamba. Wogula amati achimwene, amayi, madala. Mayina amenewa ali ndi ntchito: amasandutsa alendo awiri kukhala ngati abale kwa mphindi zisanu, ndipo m'bale sumukaniza mwamwano.

Wodziwa amadandaula za thumba lake, sanyoza katundu. "Tandiganizireni, nditsale ndi ya minibasi" amatsegula khomo. "Chinthu chake chomwechi?" amalitseka, chifukwa tsopano wogulitsa akuteteza ulemu wake, ndipo munthu woteteza ulemu satsika. Kuloza chilema chenicheni, zipi wakufa kapena kolala yothetheka, n'kololedwa, ndipo kumatsitsadi mtengo. Kutchula ndalama yotsika mopanda nzeru kumathetsa nkhani. Wogulitsa amangotembenukira kwina, ndipo mukafuna kubwerera mubwerera mwamanyazi. Koma kuopa kutchula n'komwe nakonso n'kutaya, paja mbewa ya manyazi idafera kuuna. Pa kaunjika ndi pa ziboliboli mpata ndi waukulu ndipo mukhoza kuyambira patali. Pa katundu watsopano wa m'shopu mpata ndi wochepa. Njira yodziwira ndi imodzi: funsani pa mabenchi atatu musanatulutse ndalama.

Kunyamuka ndi chida champhamvu kuposa mawu onse, ndipo kumanena zoona. Mukati "ndizungulire kaye" n'kuyenda masitepe asanu, wogulitsa akakuitanani kuti "bwerani, bweretsani," mpata unalipo. Akakusiyani kupita, mwadziwa kuti munali pansi pa mpamba wake, ndipo nambala imeneyo mupite nayo pa benchi lotsatira. Koma pali lamulo limodzi limene wolithyola amadziwika msika wonse: ukatchula ndalama yako ndipo mwini malonda wavomera, umagula. Kumutsitsa munthu mpaka pansi, iye n'kuyamba kukulunga, iwe n'kunena kuti umangofunsa, ndi kumuseweretsa pa ntchito yake.

Chodabwitsa n'chakuti amene amagula motchipa kwenikweni kawirikawiri sanenerera. Ndi kasitomala weniweni, amene wakhala akugula pa benchi limodzi chaka chonse. Iye satchuliridwa mtengo wa mlendo. Amasungiridwa nsomba yabwino pansi pa benchi, amaimbiridwa foni belo likamatsegulidwa, ndipo mwezi ukafika pakati amalembedwa m'kope kuti adzapereke akalandira. Zimene amapindula pa chaka zimaposa kutali K300 imene wongodutsa amaimenyera pa tsiku limodzi.

Foni yasintha zina mwa izi. Pa Facebook ndi pa WhatsApp ogulitsa ambiri amaika chithunzi opanda mtengo, n'kumati mtengo mukaumvere ku inbox. Ndi "muli ndi zingati" yemwe uja atavala zatsopano, kungoti tsopano wogulitsa amayang'ana chithunzi chanu m'malo mwa nsapato zanu. Mbali inayi, wogula naye amaima pa shopu n'kufunsa anzake pagulu la WhatsApp kuti foni yotere ikupita zingati, ndipo nambala yobisika ija imaululika asanayambe kukambirana. Chimene chatayika ndi kugwira katundu. Malonda ndi m'maso, ndipo chithunzi sichionetsa msoko womasuka.

Ndipo pabwera kunenerera kwachiwiri, kumene kale kunalibe. Mwagwirizana K9,000 pa jekete lija, mwini wake walipinda, mwatulutsa foni kuti mutumize pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Iye akuti, "Muikeponso yotapira, amayi." Akunena zoona, chifukwa akakatapa kwa ejenti adulidwa, ndipo K9,000 ija siikhalanso K9,000. Inunso mukunena zoona kuti potumiza mudulidwa yanu. Ngati katunduyo akubwera pa njinga yamoto kuchokera m'tauni kupita ku Area 49, palinso ya wa kabaza yoti mugwirizane kuti alipira ndani. Ambiri amakangana pamenepa atamaliza kale zovuta, jekete lili m'jumbo. Ogula ozolowera amafunsiratu asanatchule nambala yawo yomaliza: "Imeneyo ndi ya pamanja kapena ya pafoni?"